Boti Lolandidwa la a Bakali

Chimene chinayamba kumudabwitsa Dunstan chinali matope. Boti la a Bakali linali pamalo pake, padoko laling'ono la kwa Mwambo, tcheni ili chimangire pachikhomo, loko ili chitsekere monga anaisiyira dzulo lake. Koma m'mbali mwa botilo munamatirira matope akuda bii, onunkha ngati dzira lowola, amene amapezeka mkati mwenimweni mwa mabango, osati pagombe pochapira amayi.

Dunstan anali mesenjala wa khoti. Munali m'zaka zimene nkhondo inakula ku Mozambique, anthu n'kumathawira kuno. A Bakali, msodzi wa pamudzipo, anagwidwa pa mlandu woolotsa anthu kuchokera tsidya lija la nyanja popanda chilolezo. Khoti linawagamula chindapusa chimene sakanachikwanitsa, choncho linalamula kuti boti, injini ndi maukonde zilandidwe, eni ake n'kupita kundende. Injini ndi maukonde zinakwera lole. Boti linali lolemera, ndiye linatsala kudikira tsiku logulitsa.

"Limeneli ndi la boma tsopano," anatero a Makisoni, kalaliki wa khoti, pomupatsa kiyi. "Likasowa, mukalowa m'malo mwake ndinu."

Masiku amenewo mawu otere sanali nthabwala. Dunstan anatsuka matope aja, osauza munthu.

M'mawa wotsatira matope anabwereranso, ndipo pansi pa thabwa lokhalapo panali chitsononkho chongokukutidwa kumene. Tsiku lina anapezamo kansalu ka mwana, konyowa. Katundu wolandidwa amatha pang'onopang'ono, zimenezo Dunstan ankazidziwa bwino. Koma woti azichita kuwonjezekera anali asanamuonepo.

Mphekesera sizinachedwe. Jafali, wowamba matemba padokopo, anamukokera kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba.

"Achimwene, tayani ntchito imeneyi," ananong'ona. "Anthu akuti botilo likumayenda lokha. Likusaka mwini wake."

"Inu munaliona?"

"Ine ndinangomva madzi akulira, ngati wina akuponda boti ndi nsungwi. Kusuzumira ayi, ndili ndi ana."

Dunstan anali munthu woti wailesi ikafa sagona mpaka ataimasula kuti aone chafa n'chiyani. Mantha anali nawo, koma chidwi chinaposa. Analowetsa kaudzu m'bowo la loko. Kutacha kaudzu kanali momwemo, koma mutu wa boti unaloza kumpoto, pamene iye anausiya utaloza ku chilumba cha Chisi.

Madzulo ake anauza mkazi wake kuti watumidwa kwa Kuntumanji. Mdima utagwira analowa m'botimo, nagona kutsogolo, nadzifunditsa masaka akale onunkha mlamba.

Achule analira mpaka kutopa. Udzudzu unkamuimbira m'makutu, iye osayerekeza kuuomba. Kenaka anamva mapazi m'madzi, oyenda mosamala, akuima, akuyambanso. Tcheni inalira pang'ono. Panamveka kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi chinthu cholemera, kenaka matope anati fwoo, ndipo chikhomo chonse, ndi tcheni yake ndi loko yake, chinaikidwa m'boti pafupi ndi mapazi ake. Boti linatsetsereka. Mabango anayamba kukhula m'mbali mwake, shwaa, shwaa.

Atalowa ndithu mkati, mawu a mzimayi anamveka chapansipansi.

"Bambo mesenjala, dzukani. Nsapato zanu zikuonekera."

Anali mayi Mwanahawa, akazi a Bakali.

"Mayi, mukudziwa kuti mukundiphetsa?" anatero Dunstan akudzuka.

"Ndikudziwa. Koma tsiku limene anagwidwa bambo, anasiya anthu pachimbowera, akuti akaone kaye ngati kumtunda kuli bwino. Sanabwerereko." Zimbowera ndi timisasa ta asodzi toyandama pa mabango opindidwa. "Ndapempha bwato mudzi wonse. Ndani angabwereke mkazi wa munthu womangidwa? Ndakhala ndikuwatenga pang'onopang'ono, mmene mikono yanga ingathere. Lero ndi omaliza. Mukafuna kukanena, mukanene mawa. Pano gwirani nkhafi."

Dunstan anakumbuka kuti agogo ake omwe anachokera tsidya lomwelo, atasenza mphasa pamutu. Anagwira nkhafi.

Anapeza kamsasa kotsamira mbali imodzi, kopanda moto. Anthu anatulukamo mwakachetechete, mithunzi yokhayokha: mayi wokalamba, atsikana, ana amene analibenso mphamvu zolirira. Dunstan ankawalandira mmodzimmodzi osaona nkhope zawo.

Pobwerera mwera unayamba. Mitambo inaphimba nyenyezi, mabango oyandama anasuntha, ndipo njira imene anadzera inatsekeka. Analowa uku, anapeza potsekeka. Anabwerera, analowa kwina, chimodzimodzi. Madzi anayamba kukwera m'boti. Mayi Mwanahawa anakhala pansi, nsungwi ili pamiyendo, akupuma movutika.

Apo mpamene bambo wina wofunda bulangete anaimirira kumbuyo kwa boti. Anatenga nsungwi ija m'manja mwa mayiwo, naponda kamodzi, boti n'kutembenuka. Analowetsa mutu wa botilo pamalo pamene Dunstan ankaona ngati khoma la mabango, ndipo mabangowo anapatuka. Ankaponda mosafulumira, kumanzere, kumanja, ngati munthu woyenda m'nyumba yake nyale itazima. Dunstan anafuna kumufunsa kuti nyanjayi anaidziwira kuti, koma ataona mmene mayi Mwanahawa anakhalira, ataweramitsa mutu, atagwira pakamwa ndi mpango, analeka kufunsako.

Anafika padoko kum'mawa kusanayere. Dunstan anatsitsa ana, anatsitsa mayi wokalamba uja, natembenuka kuti athokoze woponda. Nsungwi inali itagonekedwa bwinobwino m'mbali mwa boti. Kumbuyoko kunalibe munthu.

"Bambo aja atsikira pati?" anafunsa m'Chilomwe.

Mayi wokalambayo anamuyang'ana modabwa. "Bambo ake ati? Amuna athu onse anatsala kunkhondo. Ife timayesa ndi anzanu."

Dunstan anayang'ana madzi. Panalibe ngakhale kafunde kosonyeza kuti wina wadumphiramo. Anayang'ana mayi Mwanahawa.

"Bwezerani chikhomo, kukucha," anatero mayiwo, natsogolera alendo awo kunjira ya m'minda ya mpunga.

Tsiku lonselo Dunstan anazungulira padoko. Anafufuza mapazi m'matope, anafunsa asodzi ngati wina wa iwo anagona kuzimbowera za kumpoto. Onse anakana, ena osamuyang'ana n'komwe.

Dzuwa litapendeka, a Makisoni anafika pa njinga. Anagwedeza loko, nakhutira, kenaka anatsitsa mawu.

"Kwabwera uthenga. Bakali wamwalira kundende usiku wathawu, akuti chifuwa. Pitani mukawauze akwawo. Musachulutse zonena."

Dunstan anayenda ulendowo akusanja mawu oti akayambire. Atakhota pa mtengo wa mango, anaima. Pabwalo la a Bakali mphasa zinali zoyalayala kale. Azibambo ovala zikofiya anakhala mbali imodzi pamodzi ndi a shehe, amayi mbali ina, ndipo utsi wa lubani unkatuluka pakhomo.

Mayi Mwanahawa anatuluka, maso ali ofiira koma ouma, namulozera pokhala.

"Mayi, ndatumidwa ndi a khoti kuti..."

"Tadziwa kale, bambo. Khalani pansi."

"Wakuuzani ndani? Uthengawu wangofika kumene."

Mayiwo anamuyang'ana ngati akudabwa kuti munthu wamkulu angafunse zotero.

"Kodi simunali nafe m'boti muja?"