Magazi a Mkunga pa Tsaya la Tham

Tham anadziwa kuti zinthu sizili bwino pamene madzi otsukira m'kamwa anamutayikira pa bulauzi ya sukulu. Anayesanso. Madzi anatuluka okha pakona ya mlomo, kumanzere, n'kutsetserekera kuchibwano. Atayang'ana pagalasi anapeza nkhope yachilendo: pakamwa pathawira kumanja, tsaya lakumanzere lili lende ngati nsalu yonyowa.

"Amayi!"

Mayi Gam anali panja, akumangirira ndowa za mikunga, nsomba zija zonga njoka, pa njinga yamoto. Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, ndipo msika wonse wa m'mbali mwa mtsinje unkawadziwa pa zinthu ziwiri: sachotsera mtengo, komanso saseka ndi munthu. Analowa akupukuta manja.

"Ukukuwa chiyani ngati nyumba yapsa? Leka kupinda nkhope choncho."

"Sindikuchita dala."

Anamugwira chibwano, kumutembenuzira uku ndi uku. "Mphepo iyi. Ndinakuuza kangati kuti usamagone tsitsi lili lonyowa, fani ikukupemerera? Vula yunifolomuyo. Lero tipitira limodzi kumsika."

Kumsika, Azakhali a Sau, omwe ankagulitsa masamba pa benchi yoyandikana nayo, anangoyang'ana kamodzi n'kuwomba m'manja.

"Aa, achemwali, zazing'ono izi! Mankhwala ake ali m'ndowa mwanumo. Magazi a mkunga. Simuona kuti ukaudula mutu umapiringizikabe mpaka mumphika? Mphamvu imeneyo ndi imene imawongola nkhope."

Mayi Gam sanafunse kawiri. Anapisa dzanja m'ndowa n'kutulutsa mkunga wonenepa kuposa yonse, anaudula mchira, magazi n'kudonthezera pa kapepala. Kapepalako anakamata pa tsaya lakumanja, kumene pakamwa panapindikira.

"Amayi, mwalakwitsa mbali," anatero Tham, mawu akutuluka ngati ali ndi phala m'kamwa. "Kodwala ndi kumanzere. Aphunzitsi anati mnofu sukankha, umangokoka. Ngati pakamwa papita kumanja, ndiye kuti kumanjako n'kumene kuli mphamvu."

"Kwapindika ndi kuti?"

"Kumanja."

"Basitu. Buku lakolo linagulitsapo nsomba zingati?"

"Tiyeni kuchipatala, amayi."

"Tikaime pamzere tsiku lonse, mikunga ifere m'ndowa? Khala chete, kapepala kangagwe."

Tsiku lachiwiri anapha mkunga wina. Palibe chinasintha. Mpunga unkabisala m'tsaya lakumanzere mpaka Tham kuutulutsa ndi chala. Diso la mbali imeneyo linkangotuluka misozi, ngakhale asakulira. Anzake a m'kalasi akamadutsa pamsika, iye ankabisala kuseri kwa madengu.

Tsiku lachitatu masana, dzuwa lili pamutu, Tham anagona pa machila omwe mayi ake anamanga kuseri kwa benchi. Mayi Gam anali pa mkangano ndi mayi wina amene ankanenerera mtengo. Potembenuka kuti atenge mpeni, anaona nkhope ya mwana wawo.

Diso lakumanja linali lotseka bwinobwino. Lakumanzere linali yasa, loyera lokhalokha, m'mbali mofiira ngati tsabola. Ntchentche inatera pakona pake n'kuyamba kuyenda. Chikope sichinagwedezeke n'komwe.

Mayi Gam anali atagulitsa nsomba zaka makumi awiri. Maso osaphethira ankawadziwa bwino. Anali maso a nsomba zakufa, zondandalikidwa pa mabenchi onse a msikawo, pamwamba pa ayezi.

"Ndiye mwati bwanji, achemwali, muchotsako?" anafunsa wogula uja.

Mayi Gam anavula epuloni n'kuiponya pa benchi. "Sau, undigulitsire."

"Pa mtengo wanji?"

"Uliwonse."

Azakhali a Sau anatsala kukamwa kuli yasa. Pamene ankafuna kufunsanso, njinga yamoto inali italira kale.

Dokotala anali mayi wachichepere wa magalasi, dzina lake Nhan. Anapukuta magazi ouma pa tsaya la Tham ndi thonje.

"Kweza nsidze, mwana wanga. Tsinzina. Fufumitsa masaya. Tsopano mwetulira."

Kumanja zonse zinkatheka. Kumanzere chipumi chinali see, popanda khwinya ngakhale limodzi. Dokotala anamuuza kuti amufinye zala ndi manja onse awiri, anamuyendetsa mpaka pakhomo, anamuunika m'khutu, kenako anatembenukira kwa Mayi Gam.

"Amayi, mnofu suyenda wokha, umadikira kuuzidwa. Wouuza ndi mtsempha wonga ulusi, wonyamula uthenga kuchokera ku ubongo. Wa kunkhope umadutsa pa kabowo kothina m'fupa, apa kuseri kwa khutu. Wa Tham wakumanzere watupa, wapanikizika m'kabowomo. Ubongo ukuitana, koma tsaya silikumva."

"Kumanzere bwanji? Ine ndikuona kwapindika kumanja."

"Mukasenza ndowa ziwiri pa mtengo wa paphewa, chingwe cha ina n'kuduka, mtengo umapendekera kuti?"

"Kumene kwatsala ndowa, nanga kuti..."

Mayi Gam anayang'ana tsaya lakumanja la mwana wawo, pamene panali pakadali kabanga kofiira. Tham anayang'ana pansi.

"Mwachita bwino kubwera lero, osati mawa," anapitiriza dokotala. "Mankhwala ochepetsa kutupa amathandiza kwambiri m'masiku oyambirirawa. Koma nkhawa yanga ndi diso. Chikope ndi mnofu nachonso, ndipo ndicho chimanyowetsa diso pophethira. Diso likauma limachita bala, ndipo bala la m'diso limatha kusiya chipsera mpaka kalekale. Ili layamba kale kukandika. Muzimudonthezera mankhwala awa pafupipafupi. Akamagona, muzimutsekera chikope ndi chala n'kumata ndi pulasitala."

"Achira liti?"

"Ambiri amayamba kusintha pakatha masabata atatu. Ena zimawatengera miyezi."

"Atatu achuluka. Awiri."

Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. "Amayi, mtsempha sumva zonenerera."

"Tiona," anatero Mayi Gam, akunyamula mankhwala.

Pobwerera anaima pamsewu, anagula magalasi a dzuwa, n'kumuveka Tham kuti mphepo ya panjinga isalowe m'diso. Wogulitsayo anatchula mtengo, iwo anangopereka. Atafika pakhomo, Mayi Gam anati, osatembenuka, "Ukanalimbikira kundiuza."

"Ndinakuuzani."

"Ukanakuwa."

Kuyambira tsikulo, manja aja ozolowera kuthyola mikunga anaphunzira ntchito ina. Asanagwire nkhope ya mwana, Mayi Gam ankasamba katatu, ndi sopo ndi ndimu, mpaka fungo la nsomba lithe. Kenako ankatsitsa chikope cha Tham ndi nsonga ya chala, pang'onopang'ono, atagwira mpweya. Azakhali a Sau atabweretsa nkhani ya sing'anga wina wokoka mlomo ndi mbedza, anawayankha kuti, "Iwe gulitsa masamba ako."

Chovuta chinali galasi. Dokotala anati m'mawa uliwonse Tham aziyeseza kukweza nsidze, kufufumitsa masaya ndi kumwetulira akudziyang'ana. Sabata yoyamba anayesa. Yachiwiri anabwerera kusukulu atavala kansalu kotseka pakamwa, ndipo pobwera analigadabuza galasilo pa tebulo.

"Sindikufunanso kudziona. Ndikhala choncho basi."

Mayi Gam anatsegula pakamwa kuti akalipe, kenako anatseka. Anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana naye, mawondo kugundana.

"Chabwino, galasi lachotsedwa ntchito. Yang'ana ine. Chimene ndichite, nawe uchite."

Anakweza nsidze. Tham anakweza yake imodzi. Anafufumitsa masaya ngati chule. Tham anayesa, mpweya n'kuthawira kumanzere, pfuu. Kenako inafika nthawi yomwetulira. Mayi Gam anaganiza kaye, n'kutulutsa mano onse panja.

Tham anaseka ndi theka la nkhope mpaka kugwira pamimba. "Amayi, kumeneko n'kumwetulira kapena mukufuna kundiluma? Wanu mtsempha unatupa chaka chiti?"

"Iwe, usandiyambe. Ndilibe nthawi yomwetulira ine. Tiye, kachiwiri."

Anachita choncho m'mawa uliwonse, mikunga ikudikira m'ndowa, ogula akudandaula kuti benchi ya Mayi Gam ikuchedwa kutsegulidwa masiku ano. Diso linasiya kufiira. Koma tsaya linali chete.

M'mawa wa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi, anakhalanso mawondo kugundana. Nsidze. Masaya. Kumwetulira.

"Ima!" Mayi Gam anamugwira chibwano. "Chitanso."

Tham anachitanso. Pakona ya mlomo, kumanzere, panagwedezeka pang'ono, ngati mmene madzi a m'ndowa amachitira mkunga ukatembenuka pansi.

"Amayi, mwaona chiyani? Ine sindikumva kanthu."

"Buku lako lija linati mnofu umatani?"

"Umakoka basi."

"Wakokatu. Koka ndionenso."

Tham anakoka. Panagwedezekanso. Anathamangira galasi lija, analitembenuza, anadziyang'ana nthawi yaitali. Kumbuyo kwake m'galasimo munali mayi ake, akuwerenga masiku ndi zala, maso ali onyowa.

"Sanakwane masabata atatu," anatero Mayi Gam. "Ndinamuuza dokotala uja kuti achuluka."

Ndipo Tham anaona masaya a mayi ake akukwera okha, mbali zonse ziwiri, popanda wowauza.