Timakina ta Mumtsinje Titakhala Chete

Anakumana koyamba mu ofesi yoona za chilengedwe. Mtsikanayo, woyeza madzi a m'mitsinje, analowa atanyowa mpaka m'mawondo. Mnyamatayo, katswiri wa makompyuta, anamusuzumira pamwamba pa magalasi.

"Achemwali, mwabweretsa manambala kapena mtsinje wonse?"

"Zonse ziwiri, achimwene. Sankhani nokha!"

Kuyambira pamenepo, mtsikanayo akabweretsa manambala a kuya kwa madzi, mnyamatayo ankawalowetsa mu kompyuta mochedwa dala kuti mlendo wake asachoke msanga. Posakhalitsa "achemwali" anasanduka "wapamtima."

Kenako mnyamatayo anamaliza ntchito imene ankainyadira, nkhokwe ya manambala ya pa intaneti. Timakina toikidwa m'madzi tinayamba kutumiza tokha manambala onse ku nkhokweyo. Abwana anamuyamikira, n'kuwonjezera kuti, "Woyeza madzi uja asavutikenso kubwera kuno. Akakhale kumtunda kwa mtsinje, azikasamala timakinato."

Mayo! Ndani akanadziwa kuti nzeru zake zomwe zidzamulanda wokondedwa?

"Wandithamangitsa ndi manja ako," anatero mtsikanayo pokwera basi, misozi ili mbwee.

"Sindinadziwe, duwa langa. Sindidzakusiya, ndikulonjeza."

Mnyamatayo ankatumiza mameseji. "Ndaona kuti madzi akwera kumeneko. Ukudzisamala?"

Yankho linamubaya: "Timakina timakulankhula tsiku lonse. Ine ukundifuniranji?"

Mvula itakula, m'mawa wina timakina tonse tinangoti zii. Foni ya mtsikanayo sinkapezekanso. Mnyamatayo anasiya kompyuta ili chiyakire n'kuthamangira basi. Pamene msewu unaduka ndi madzi, anayenda wapansi. Kodi amupeza wamoyo?

Anamupeza pakhonde la sukulu ina yapamtunda, akufunditsa ana mabulangete.

"Wabwera?" anatero mtsikanayo. "Nkhokwe yako ija inatichenjeza pa foni madzi asanasefukire. Tonse tinathawa. Koma timakina tako takokoloka, pepa."

"Timakina tidzaika tina. Nanga iwe, wina ngati iwe ndikanamutenga kuti?"

Anakumbatirana, anawo akuseka mobisa nkhope.

"Wapamtima, ndatopa kukudziwira pa kompyuta. Ukhale mkazi wanga."

Mtsikanayo anamuvula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kumuvekanso bwinobwino.

"Ndavomera. Koma ukawauze abwana akusamutsire kuno. Suja unkadzitama kuti nkhokwe yakoyo munthu amaitsegula ali paliponse?"