Zala za Jarmila pa Mwala

Jarmila ankakhala mumzinda wa Prague. Amayi ake anali ojambula. Ankajambula pamwala waukulu wosalala. Mwalawo unkadinda zithunzi zomata m'misewu.

Jarmila ankafuna kujambula nawo.

"Amayi, nanenso ndijambuleko?"

"Dikira ukule, mwanangu. Ndipo usakhudze mwala. Mwala umamwa mafuta. Pagwa mafuta, inki imakakamira."

Tsiku lina amayi anajambula chithunzi choitanira anthu ku chikondwerero cha maluwa. Anajambula mtsikana wa tsitsi lalitali. Tsitsi linapindika uku. Linapindika uko. Linakwera ngati utsi.

Amayi anatuluka kukaitana odinda. Jarmila ankadya banzi lopaka batala.

"Koma tsitsi ili!" anatero.

Analikhudza kamodzi ndi chala cha batala. Analikhudza kawiri. Analikhudza kasanu!

Bambo Vondra, odinda zithunzi, anafika. Ananyowetsa mwala. Anapaka inki. Anakanikiza pepala. Anakweza pepala.

Mayo! Madontho asanu akuda bii!

"Ndi mbewa iti yapondapo apa?" anafuula bambo Vondra. "Mbewa yakuba batala!"

Amayi anagwira kumutu.

"Chikondwerero ndi mawa. Kujambulanso ndi masiku atatu!"

Jarmila anayandikira.

"Si mbewa ayi," anatero. "Ndine. Pepani, amayi."

Jarmila anayang'ana madontho aja. Anawayang'ananso. Kenaka analumpha.

"Amayi, taonani! Ndi maluwa osamasula! Angosowa timapesi!"

Amayi anapendeketsa mutu. Anamwetulira. Anamupatsa choko chamafuta chojambulira pamwala.

"Maluwa ndi ako. Uwamalize wekha."

Jarmila anajambula phesi. Linapindika uku. Anajambula lina. Linapindika uko. Maluwa asanu analowa m'tsitsi.

Bambo Vondra anadinda. Anadinda. Anadindanso.

"Ha! Mbewa iyi ndi yaluso!" anaseka.

M'mawa zithunzi zinali paliponse. Pakhoma! Pamsika! Pafupi ndi mlatho!

Mayi wina wogulitsa maluwa anaima. Anayang'anitsitsa chithunzi.

"Maluwa awa ndi a mtundu wanji? Ine sindinawaonepo. Mbewu yake ndikaipeza kuti?"

Jarmila anabisa manja kumbuyo. Anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Jarmila.

Onse awiri anaseka mpaka kunyumba.