Timadontho Titatu pa Chitenje cha Azakhali

Elinata ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti azakhali ake abwerere kukwaya.

Elinata ankakhala ku Zingalume. Ankakhala ndi amayi, abambo ndi azakhali. Azakhaliwo anali a Magret.

A Magret sankaona. Chikuku chinawatseka maso ali mwana. Koma zala zawo zinkadziwa zambiri. Ankasenda mtedza okha. Ankachapa okha. Ankavala okha. Ukati uwathandize, ankakankha dzanja lako.

"Ndine wamkulu ine," ankatero.

Nanga kuimba! Kutchalitchi, nyimbo ankayambitsa ndi iwo.

Chaka cha 1996, kwaya inalandira zitenje zatsopano. Zonse zinali zofanana. Zinali zabuluu. Zinali ndi nkhunda zoyera. Nkhunda zonse zinkaulukira kumwamba.

Lamulungu lina, a Magret anavala chitenje chawo. Anavala okha, monga mwa masiku onse. Anatenga ndodo yawo. Anayenda mpaka kutchalitchi.

Pakhomo la tchalitchi panali ana. Anawo anayamba kuseka.

"Taonani! Nkhunda za a Magret zagona chagada!"

Zoonadi, chitenje chinali chozondoka. Kumwamba kunali pansi. Pansi panali kumwamba.

Mayi wina anawakokera kuseri. Anawamasula chitenje. Anawavekanso bwinobwino. Mayiyo ankafuna kuthandiza. Koma a Magret anachita manyazi kwambiri. Tsiku limenelo sanaimbe.

Lamulungu lotsatira sanapite. Linanso sanapite. Elinata anamva chisoni.

"Azakhali, kwaya sikukoma popanda inu," anatero Elinata.

"Ikoma, mwana wa achimwene."

"Sikukoma ayi. Akumayamba nyimbo ngati akudwala chimfine."

A Magret anaseka pang'ono. Kenako anapukusa mutu.

"Zala zanga zimadziwa mtedza wowola," anatero. "Zimadziwa ufa ndi gaga. Koma nkhunda izi sizimveka. Nsalu ndi yosalala ponseponse."

"Ndizikuuzani ine povala."

"Ayi. Sindifuna kufunsa munthu. Sindifuna kuvekedwa ngati khanda."

Lamulungu lotsatira linali lalikulu. Linali tsiku lothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola. Ansembe ankabwera panjinga yamoto. Anthu ankabweretsa chimanga ndi mtedza. Nyimbo ya zopereka inali ya a Magret. Kodi aiyambitsa ndani?

Lachitatu masana, Elinata anapita kumishoni. Kumeneko Asisitere Veronika ankaphunzitsa atsikana kusoka. Kumishoni n'kutali. Elinata anafika mochedwa.

Patebulo panali timabotolo ta penti. Tinali ndi milomo yosongoka. Panalinso kansalu. Pakansaluko panali duwa lofiira.

"Uyu ndi penti wa pansalu," anatero Asisitere. "Anzanga akutali ananditumizira. Talikhudza duwali, lauma kale."

Elinata anakhudza. Duwa linali lotukumuka! Anatsinzina. Anakhudzanso. Ngakhale atatsinzina, duwa linkamveka.

Elinata anatsegula maso. Anaganiza za azakhali.

Asisitere anapatsa mtsikana aliyense kabotolo kamodzi. Ka Elinata kanali kachikasu. Kanali kakang'ono ngati chala.

Atsikana ena anati akongoletsa zikwama zawo. Elinata nayenso anali ndi chikwama cha mabuku. Chinali chakale, chopanda duwa. Anachiyang'ana pang'ono. Kenako anaika kabotolo m'thumba.

"Zikomo, Asisitere! Zikomo kwambiri!"

"Ima kaye, Elinata! Sunamve kagwiritsidwe kake!"

Koma Elinata ndi Elinata. Miyendo imafulumira, makutu amatsala. Anali atafika kale kumsewu.

Lachinayi, Elinata anapempha chitenje chija.

"Tenga," anatero a Magret. "Ine sindichifunanso."

Elinata anachiyala pamphasa. Anaona kumene nkhunda zikuulukira. Kumeneko ndiye kumwamba. Anafinya kabotolo m'mphepete mwa kumwamba. Penti anatuluka wambiri. Anakhala kamulu.

"Iii, sizikuoneka bwino," anatero Elinata.

Elinata ankadziwa kuzira nyumba. Amayi anamuphunzitsa bwino. Umatenga dothi. Umaika pansi. Umasalaza ndi dzanja. Ukasiya timiulu, amayi amakubweza.

Ndiye Elinata anazira penti. Anazira ndi chala. Anazira, anazira, anasalaza. Anapanga duwa lalikulu lachikasu. Linali losalala bwino. Amayi akanaliona akanamuyamikira!

Anavundikira duwalo ndi lichero kuti nkhuku zisapondepo.

Lachisanu, pochokera kusukulu, anavundukula lichero. Duwa linali litauma. Anathamanga nacho chitenje.

"Azakhali, bweretsani dzanja! Takhudzani apa!"

A Magret anakhudza. Anasisita uku. Anasisita uko.

"Pali chiyani?" anafunsa.

"Pali duwa!"

"Duwa lili pati?"

Elinata anatsinzina. Anakhudza yekha. Panalibe chotukumuka. Duwa linali litalowa m'nsalu. Linali lokongola m'maso basi.

Anagwedeza kabotolo. Kanali kopepuka. Penti anali atatsala pang'ono kutha. Elinata anakhala pansi. Anayamba kulira.

"Ndawononga, azakhali. Ndimafuna muzidziwa kumwamba nokha."

A Magret anagwirabe chitenjecho. Zala zawo sizinaleke. Zinkayendabe pansalu, pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi zinaima.

"Nanga aka n'kachiyani?"

"Kati?"

"Aka. Kali ngati kanjere ka mawere."

Elinata anapukuta misozi. Anayang'anitsitsa. Pambali pa duwa panali kadontho. Kanagwa kokha dzulo lake. Elinata sanakaone. Sanakazire. Kanauma kali kotukumuka.

"Azakhali! Penti ameneyu sazira!"

"Kodi iwe unazira?"

"Ndinazira."

A Magret anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwana wa achimwene! Chitenje changa unachiyesa khonde?"

Elinata nayenso anaseka, misozi ikadali m'masaya.

"Koma kadonthoka kachepa," anatero a Magret. "Ndakapeza movutikira."

"Ndipanga tokulirapo."

Elinata anayalanso chitenje pamphasa. Anazondotsa kabotolo. Anakamenya pachikhatho. Pha! Pha! Pha!

Anafinya. Kadontho kamodzi kanatuluka. Kanali konenepa ngati mtedza. Chala chinafuna kuzira. Elinata anachibisa kumsana.

Anafinyanso. Kadontho kachiwiri kanatuluka.

Anafinya kachitatu. Sipanatuluke kanthu. Anafinya ndi manja awiri. Anafinya mpaka zala zinawawa. Kadontho kachitatu kanatuluka. Kenako kabotolo kanangoti fuu! Penti anathera pomwepo.

Timadontho titatu tinakhala pamzere. Tinali kumwamba. Tinali mbali yakunja ya chitenje. Elinata anavundikira ndi lichero.

Tsopano panatsala kudikira. Kudikira n'kovuta kwa Elinata. Anasuzumira kamodzi. Anasuzumira kawiri. Nkhuku inabwera, anaipirikitsa. Mbuzi inabwera, anaipirikitsa.

"Ndikhudze?" anafunsa.

"Usakhudze," anatero a Magret.

"Pang'ono pokha?"

"Khalira manja akowo!"

Elinata anakhaliradi manja ake.

Loweruka masana, timadontho tinauma. Tinali tolimba. Tinali totukumuka. Elinata anapinda chitenje. Anachiika m'manja mwa azakhali.

A Magret anachifunyulula. Zala zinayenda m'mphepete. Zinaima.

"Kamodzi. Tiwiri. Titatu."

Anatembenuza chitenje. Anachizondotsa. Anachikwinya. Anachiponya pamphasa. Anachitolanso. Zala zinayenda m'mphepete.

"Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Kumwamba ndi kuno."

"Eya!" anakuwa Elinata. "Ndiye mupita mawa?"

A Magret anakhudzanso timadontho tija. Anangopinda chitenje. Analowa nacho m'nyumba.

Lamulungu m'mawa, abambo anamanga thumba la chimanga panjinga. Amayi anasenza dengu la mtedza. Elinata anavala diresi lake. Onse anaima pabwalo.

Chitseko cha azakhali chinali chotseka.

"Tiyeni, tichedwa," anatero abambo.

"Tidikire pang'ono, ababa," anatero Elinata.

Anadikira. Patali panamveka njinga yamoto ya ansembe. Chitseko chinali chotsekabe. Elinata anayang'ana pansi.

Kenako chitseko chinalira. A Magret anatuluka. Anavala bulauzi yoyera. Anavala chitenje chabuluu. Nkhunda zonse zinkaulukira kumwamba.

Sanafunse amayi. Sanafunse abambo. Sanafunse Elinata.

"Mwaimiranji?" anatero. "Nyimbo ikundidikira."

Amayi anatula dengu. Anaimba nthungululu. Abambo analiza belu la njinga. Elinata analumpha, analumphanso.

Kutchalitchi kunadzaza anthu. Nthawi ya zopereka inakwana. Ng'oma inagunda. Kwaya yonse inayang'ana kwa a Magret.

A Magret anaimirira. Anakhudza m'chiuno. Anapuma mpweya wambiri. Anayambitsa nyimbo. Mawu awo anamveka mpaka panja. Anthu analandira. Matumba ndi madengu anayamba kupita kuguwa.

Pobwerera, a Magret anapatsa abambo ndodo. Anagwira phewa la Elinata. Anayenda limodzi.

"Elinata."

"Ine, azakhali."

"Lero aliyense wathokoza chifukwa cha chimanga. Ine ndathokoza chifukwa cha iwe."

Elinata anamwetulira. Mtima wake unadzaza chimwemwe.

"Zikomo, mwana wa achimwene," anatero a Magret. "Lero ndavala ndekha."