Mzere wa Manaini

Anthu amati ndine wabodza. Chabwino, ndinanenapo kuti ndinapeza khoswe akuwerenga mapu mu ofesi mwathu, ndipo mwina ankangowadya. Koma iyi yokha musaiseke.

Ine ndine dalaivala pa ofesi yojambula mapu. Sukulu ndinalekezera pomwe aphunzitsi anayamba kusakaniza zilembo ndi manambala. Komabe Madamu, abwana athu, anandiphunzitsa kudina timabatani tingapo pa kompyuta. N'chifukwa chake mlamu wanga Fosholo, wokumba mchenga uja, amanditchula kuti Pulofesa.

Madzulo a tsikulo ndinali nditatsuka galimoto, ndikutseka mawindo. Mvula inali itagwa masiku atatu. Masana chitunda chinagumukira m'dzenje la mchenga kuseri kwa msewu waukulu. Madamu anakaulutsako droni, kandege kojambula zithunzi, anaika zithunzi mu kompyuta, n'kupita kwawo kutsidya kwa mtsinje. Panalibe wodandaula. Angakumbe mchenga ndani pa mvula yotere?

Ndikutseka zenera lomaliza, akazi anga analowa opanda nsapato.

"Achimwene sanabwere," anatero. "Njinga yawo ili pamwamba pa dzenje."

Atangonena, anathamanga kubwerera komweko kukakumba ndi manja.

Ndinaimbira Madamu. Foni inkangodukaduka.

"Mlatho wamira, sindingaoloke," anatero. "Uchita ndiwe. Tamvera. Chithunzi chija chagawidwa timabokosi ngati bolodi la dirafiti. Kabokosi kalikonse ndi mita imodzi, ndipo kali ndi nambala yake, kuya kwa dothi limene lagwera pamenepo. Okumba sangayende ndi chithunzi, akufuna manambala oika pa foni. Dina batani lolembedwa ekisipoti, kompyuta ipange tebulo. Kabokosi kamodzi, mzere umodzi: x ndi y, osonyeza pomwe kali, ndi kuya."

"Nanga ndikalakwitsa, Madamu?"

"Usalakwitse. Ukaona -9999, fufuta. Pamenepo ndi pomwe kamera sinaone kanthu. Palibe chilipo."

Foni inathima.

Ndinadina. Kompyuta inalira ngati ng'ombe yodwala kwa mphindi zisanu, kenako inasanza tebulo. Mizere 40,000. Ndinayamba kutsitsa, manambala akuthamanga ngati nyerere. Pakatikati panali mzere umodzi wokha wa manaini aja. Ndinaufufuta osauyang'ana n'komwe, ndinasunga, n'kutumiza kwa mkulu wa anthu amene ankakumba kufunafuna Fosholo.

Sipanapite nthawi anaimba.

"Bambo, malo akuya alipo mazanamazana. Ife tilipo khumi ndi awiri, mafosholo asanu ndi atatu. Tiyambire pati?"

Kumbuyo kwake ndinamva akazi anga akuitana achimwene awo, mawu atasasa.

Ndinaika foni pansi. Ndinati mwina pali chimene ndaphonya. Ndinadinanso ekisipoti. Kompyuta inafunsa ngati ilembe pamwamba pa tebulo lakale. Ndinavomera.

Manaini aja anabwerera.

Ndinawafufutanso, mokwiya. Ndinadinanso. Anabwereranso. Apa ndiye ndinayang'anitsitsa, n'kulemba x ndi y wake pa katoni ya shuga. Ndinadikira mphindi zisanu zina. Nambala ya x inali itasintha. Ya y nayonso.

Abale, mzere sumayenda. Ngakhale ine wolekezera panjira ndimadziwa zimenezo.

Ulendo wotsatira manaini anali m'mphepete mwa chithunzi. Wotsatiranso anali kunja. Chithunzi chinathera pa msewu waukulu, koma mzerewo unaoloka msewu, n'kumapitirira kumene droni sinafikeko.

Pa chitseko cha ofesi yathu pali kapepala komwe Madamu anamata, kolembedwa x ndi y wa pakhomo pomwepo. Ndakhala ndikukaona zaka zisanu ndi chimodzi osakalabadira. Usiku umenewo ndinatembenuka n'kukawerenga. Ndinayang'ana pa katoni. Ndinayang'ananso kapepalako.

Panatsala mamita 900.

Kenako 500.

Kenako 120.

Ndinafuna kuthawa, koma ndinakhalabe pa mpando. Chala chokha n'chimene chinkagwira ntchito. Ndinadina.

Manambala anafanana ndi a pa chitseko, onse, mpaka otsiriza.

Kunamveka fungo la mchenga wonyowa. Pansi pa chitseko panalowa kamzere ka madzi ofiira, kakukwawa pa simenti. Kenako kugogoda. Osati kwa chala, ayi. Ngati chitsulo chikukhudza chitsulo, munsi, cha m'mawondo.

"Pulofesa."

Mawu ake anali ngati a munthu wolankhulira m'ndowa.

"Alamu?"

"Kawiri konse. Mwandifufuta kawiri, Pulofesa. Ndinakulakwirani chiyani? Mlongo wanga ndinakupatsani ndi manja awiri."

Apa m'pamene ndinazindikira. Mzere woyamba uja, umene ndinaufufuta osauwerenga, ndi pomwe anagona. Ndinatsegula mafayilo. Tebulo loyamba ndinali nditalemba pamwamba pake. Lomwe ndinatumiza kwa okumba linalibe mzerewo, ndipo kufunafuna mpata umodzi pakati pa mizere 40,000, kukanandichera kawiri. Pa katoni ndinayamba kulemba atayenda kale. Ndinadzimenya mbama ndekha.

"Tsegulani, alamu. Kujaku mpweya watsala wa mu kapu."

Ndinadzuka. Dzanja linafika pa loko. Kenako mutu wanga, umene sunandithandizepo m'kalasi, unandithandiza kamodzi kokha m'moyo.

"Alamu, mukalowa muno, kujaku kutsala ndani?"

Ndinachotsa dzanja pa loko.

"Bwererani. Pitani mukagone pomwe munali. Ine ndizikuonani pa tebulo pano."

"N'kutali, Pulofesa. Ndatopa."

"Fosholo amatopa? Si inu munati munadzaza lole nokha dalaivala akumwa tiyi?"

"Linali bodza limenelo. Ndinaphunzira kwa inu."

Misozi inali ikutsika, koma ndinakuwa. "Mukapanda kubwerera, njinga ija nditenga ine! Ndipo ndiziuza aliyense kuti munali mlesi, mchenga wanu unali wosakaniza ndi dothi!"

Panja panamveka kutsokomola. Mwina kunali kuseka.

"Mchenga wanga muusiye," anatero. Kenako ndinamva akunong'ona, ngati akutsanzikana ndi wina. Mapazi anayamba kuchoka, akukhwekhwereza.

Ndinadina. Mamita 60 kuchokera pakhomo. Ndinadinanso. 150. Pobwera anathamanga, pobwerera ankakwawa.

Cha m'ma thu koloko magetsi anazima. Kabokosi ka batire pansi pa desiki kanayamba kulira, pii, pii. Madamu ankati kamasunga ola limodzi. Ndinazimitsa pulinta, ndinachepetsa kuwala kwa sikirini mpaka ndinkawerenga mphuno itagunda galasi. Ndinakalonjeza kabokosiko zinthu zambiri. Ndinati ndizikapukuta fumbi tsiku lililonse, ndinati mwana wotsatira ndidzamutcha dzina lake.

Pa msewu waukulu manaini anaima. Ndinadina kawiri, osasuntha.

"Yendani!" ndinakalipira sikirini. "Mlongo wanu zala zatha! Yendani, alamu!"

Ulendo wachitatu anasuntha mamita khumi. Analowanso m'chithunzi.

Pii, pii, pii. Kulira kunafulumira.

Anadutsa malo akuya onse amene okumba ankalimbana nawo. Anakhotera kumbali, kumene dothi linali mita imodzi ndi theka chabe. Anaima. Ndinadina. Pomwepo. Ndinadinanso. Pomwepo. Ndinalemba manambalawo pa mkono ndi cholembera chofiira, ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Nditangomaliza y, sikirini inada.

Potuluka ndinalumpha madzi aja. Sindinayang'ane kumbali. Galimoto ndinaiyendetsa mmene Madamu sadzadziwira.

Mkulu wa okumba anaunika mkono wanga ndi tochi, anaika manambala pa foni, n'kuyenda mpaka kadontho ka pa foniyo kanakhazikika.

"Apa? Apa si pakuya, bambo. Wakuuzani ndani?"

"Mwini wake."

Anandiyang'ana, anayang'ana akazi anga, n'kuitana anthu ake.

Kukuyera, fosholo inagunda chitsulo. Inali wilibala yovundikira, pamwamba pake pali lata. Pansi pake munthu atadzipinda ngati mwana m'mimba, milomo yotuwa. Ankapuma. Pang'ono, koma ankapuma. Akazi anga anagwa pansi n'kuyamba kumutukwana ndi kumupsompsona nthawi imodzi.

Miyendo yake inali itapanikizidwa ndi dothi usiku wonse. Koma anamwino anadabwa ndi mapazi. Anali ndi matuza atsopano, ndi timiyala ta phula.

Tsiku lachitatu ndinakamuona kuchipatala. Anatsegula diso limodzi.

"Pulofesa, mulibe ulemu. Mlendo kumusiya panja pa mvula?"

Tinaseka mpaka anamwino anatikalipira. Kenako anandikoka malaya.

"Nanga mnzanga uja munam'tsegulira?"

"Mnzanu uti?"

"Amene anandionetsa njira. Ine ofesi yanu ndikanaidziwa bwanji mumdima? Ndinam'peza pansi pomwepo. Pobwerera anakana. Anati atsala kaye pakhomo panu, poti inu mumadziwa kupeza anthu. Iye palibe anam'funapo."

M'dera mwathu amanong'ona kuti kale, dzenje lisanakule, kunali wokumba wina wochokera kutali, wosadziwika kwawo. Tsiku lina sanaoneke, anthu n'kungoti wabwerera. Ena amati Fosholo ankalota, ndipo ine ndi ine, mukundidziwa. Madamu amati kompyuta ikatopa imalemba zilizonse.

Mwina. Koma chiyambire tsikulo, tebulo lililonse limene timatulutsa, kaya la munda, kaya la msewu wa kutali, limathera ndi mzere wa manaini, uli ndi x ndi y wa pakhomo pa ofesi yathu. Madamu amati fufuta. Ine ndimangoti inde, n'kuusiya. Sindidzafufutanso munthu.

Dzulo ndinauyerekezanso ndi kapepala ka pa chitseko. Nambala ya y sinasinthe. Ya x yasuntha mita imodzi.

Chakumkati.