Kapinga wa Dona Nachisoti

Mulu woyamba wa dothi Vitalis anaupeza Lolemba m'mawa, pakona ya kapinga yoyang'ana kukhwawa. Sanadabwe. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akusamalira maluwa a mzungu sachita mantha ndi ntchito ya mfuko. Anathyola kamtengo n'kukazika pamuluwo kuti apeze njira ya kanyamako, koma kamtengo kanangolowa pang'ono n'kugunda nthaka yolimba. Anayesa uku, anayesa uko, una panalibe. Mfuko ikatulutsa dothi imasiya njira pansi, zimenezi ngakhale mwana amazidziwa. Koma apa dothi linali litangofufuma lokha, ndipo mozungulira munali mapazi a amphaka okhaokha.

Masiku amenewo sitima ya pamtunda inali ikadali yachilendo ku Limbe. Nyumba imene Vitalis ankagwirako ntchito inali ya mzungu wogula fodya, chakumtunda kwa masitolo a amwenye. Bwanayo analibe nazo ntchito za maluwa. Mwini nkhani anali mkazi wake, amene antchito ankamutcha Dona Nachisoti poti palibe anaonapo pamutu pake popanda chisoti. Mayi ameneyu ankakonda udzu kuposa anthu, ndipo sindikunena mokokomeza. Chaka chapitacho analamula kuti kankhalango ka kukhwawa kadulidwe tsiku limodzi, bwalo likule, anzake azidzagundirapo timipira ndi tinyundo ta mitengo. Amene anadula, kusalaza ndi kubzalapo kapinga anali Vitalis yemweyo.

Vitalis ndi mkazi wake Ursula ankakhala pamalo a Bwanayo. Pamalo a mzungu munthu sachotsedwa ntchito yokha, amachotsedwa ndi denga lomwe, ndi munda womwe. Kwawo kuseri kwa phiri la Mulanje anachita kuthawako, ndipo kobwerera kunalibe.

Dona ataona muluwo anafiira ngati tsabola wakupsa.

"Iwe! Loweruka alendo abwera," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Ine ndiona dothi limodzi, ndiona chimbudzi cha mphaka chimodzi, iwe pita. Nyumba yako moto."

Vitalis anachita zonse zimene ankazidziwa. Anawaza phulusa losakaniza ndi tsabola m'mphepete monse, poti mphaka safuna zomuyabwa kumapazi. Anayala minga m'mabedi a maluwa. Za mfuko anakwirira masamba a ombwe, n'kuzikanso mabotolo opanda kanthu, kukamwa kuli m'mwamba, kuti mphepo ikamaombamo phokoso lake lizithamangitsa zapansi. Pomaliza anakoka chigudumu chachitsulo chosalazira kapinga, chimene amuna awiri ankachita kubuula nacho, n'kuchiyendetsa pamuluwo mpaka panati see.

Lachiwiri milu inalipo itatu. Lachitatu inalipo isanu ndi iwiri, yonse kumbali yomwe ija kunali kankhalango, yonse yopanda una.

Mphekesera zinayamba. Khukhi, wophikira azunguwo, ankati amphaka a kumasitolo si amphaka wamba, ena amachita kutumidwa. Wochapa zovala ankati pali wina akusirira ntchito ya Vitalis. Koma chimene chinkamusautsa mwini wakeyo chinali china: akadutsa kumtsinje, amayi otunga madzi ankangoti zii, maso pansi, mpaka atapitirira. Kunyumba nako kunalibe mtendere. Ursula anali wofooka chiyambire pamene mimba yake yoyamba inapita padera chaka chapitacho, koma sabata imeneyo zinanyanya. Madzulo alionse Vitalis ankamupeza atapindika pamkeka, manja ali pachinena, akutuluka thukuta m'nyengo yozizira. Akamufunsa, yankho linali limodzi: "Ndi za amayi izi, bambo."

Usiku wa Lachitatu Vitalis anapempha mlonda wa pakhomopo, Che Sulemani, kuti adikirire limodzi. Anakhala kuseri kwa mpanda wa maluwa atafunda ziguduli. Chiperoni chinali chitatsika, nkhungu ikuyenda pansipansi, ndipo mdima wake unali woti ukatambasula dzanja sukuliona bwino. Mphepo ikadutsa, mabotolo aja ankayamba kulira, lina mokweza, lina motsitsa, huuu, huuu, ngati anthu akubuula kutali m'chigwa. Vitalis anadandaula mumtima kuti anawazikiranji.

Kenaka amphaka anabwera. Sanabwere mothamanga kapena mozemba monga achitira amphaka akuba. Anatuluka m'nkhungumo mmodzimmodzi, wakuda wa kusitolo ya nsalu, wamawanga wa mzungu woyandikana ndi Bwana, ena osadziwika, n'kudutsa paphulusa la tsabola lija ngati akuponda mchenga. Aliyense anasankha malo ake n'kukhala pansi, mchira atauzungulitsa kumapazi. Ndipo kulira kunayamba, kulira kuja kwa amphaka kofanana ndi kwa khanda, kopyapyala, kodukizadukiza.

Che Sulemani anamugwira pamkono, zala zawo zili zizizi.

"Achimwene," ananong'ona, "tayang'anitsitsani uyo ali pafupiyo. Pakamwa pake mpotseka."

"Mwina akulira ndi enawo."

"Ndawayang'ana onse. Ine ndakhala mlonda zaka zambiri, koma izi ayi. Mukhululuke, ndikukakhala kukhitchini."

Vitalis anatsalako kanthawi, mpaka naye miyendo inamunyamula yokha.

Lachinayi milu inali khumi ndi umodzi. Dona anaima pakhonde n'kulamula kuti athirepo madzi owira, ndipo Vitalis anathira ndowa zinayi, yoyamba pamulu wa pakona uja. Anayendetsa chigudumu katatu. Atafika kunyumba anapeza Ursula sakutha ngakhale kudzuka, milomo itauma gwa. Koma pakati pa usiku atatembenuka, pamkeka panalibe munthu.

Anamupeza pakona ya kapinga. Anali atagwada m'nkhungumo, amphaka atamuzungulira phee, akufukula dothi ndi zala pang'onopang'ono, monga mayi amayalulira nsalu pankhope ya mwana wogona.

"Ursula!" mawu anatuluka monong'ona. "Ndiwe? Masiku onsewa ndiwe ukufuna kutiotchetsa nyumba?"

Mkaziyo sanadzidzimuke. Sanasiyenso kufukulako.

"Musaponde apo, bambo. Pali mwana wanu."

Apa mpofunika kunena zimene Vitalis ankazidziwa ngati mwamuna, ndi zimene sankazidziwa. Ankadziwa kuti mwana wobadwa wakufa, mtayo, samulira maliro, ndipo amakamuika ndi amayi okhaokha. Ankadziwa kuti mwamuna safunsa malo ake, ndipo iye sanafunse, poti anali munthu waulemu. Chimene sankadziwa n'chakuti malowo anali kankhalango kaja. Tsiku limene ankagwetsa mitengo, amayi anaima kutsidya akuyang'ana, koma panalibe ndi mmodzi yemwe akanatsegula pakamwa kuuza mwamuna zoterozo, ngakhale nkhwangwa ili m'manja.

"Mtayo samukumbira dzenje lakuya," anatero Ursula, "ndipo dothi lake satsendera. Amangofunditsa. Mukatsendera, mwatseka njira ya ana onse otsatira. Chaka chonse mwakhala mukuyendetsapo chitsulo chanucho, ine ndikumva m'mimba muno. Ndinapirira mpaka ndinalephera. Lero mwamuthira madzi owira."

Vitalis anakhala pansi pa udzu wonyowawo. Anafuna kulira koma misozi inakana.

"Bwanji osandiuza, mayi?"

"Ndikanayamba ndi mawu ati?"

Mabotolo anali akubuulabe. Kenaka Vitalis anayang'ana bwalo lonselo, ndipo m'nkhungumo anaona milu ina itatukuka kale, yakuda, uku ndi uko.

"Nanga yonseyi wafukula nthawi yanji, ndi matenda akowa?"

"Ine ndimafukula umodzi wokha, wa mwana wanga. Inayo ndimaipeza ili choncho." Anapukuta manja pansalu. "Bambo, ndakuuzani zosayenera kuuza mwamuna. Tsopano mukudziwa. Mukatsenderanso kamodzi, ine zanga zatha."

Lachisanu kunacha kuli mitambo. Vitalis anapita kwa Dona, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti pakonapo abzalepo chitsamba cha maluwa, pasamapondedwe. Dona anaseka n'kunena kuti pamenepo mpamene pakhale tebulo la tiyi. Vitalis anapempha kachiwiri. Dona analoza chigudumu, kenaka analoza kumene kunali kanyumba kawo, n'kulowa m'nyumba.

Ndimamumvera chisoni munthu ameneyu, ndipo sindikudziwa kuti ine ndikanatani. Mkazi wodwala sungamugoneke panja mwezi wa chiperoni. Anaima nthawi yaitali atagwira mpini wa chitsulocho. Kumpanda kunali Ursula, atatsamira mtengo, akumuyang'ana osaphethira. Vitalis anaweramitsa mutu n'kukankha.

Chigudumu chitakwera pamulu wa pakona, pansi panamveka kamawu kamodzi, kakang'ono, ngati khanda lodzidzimuka kutulo. Sikanabwerezenso. Atacheuka, kumpanda kunalibe munthu.

Usiku umenewo sikunabwere mphaka ndi mmodzi yemwe. Loweruka kapinga anacha ali see, wobiriwira, wopanda ndi kadothi komwe, ndipo alendo anamuyamikira kwambiri. Dona anakondwa mpaka anapatsa Vitalis jekete lakale la Bwana.

Nyumba yawo sinaotchedwe. Anakhalamo zaka makumi awiri ndi zitatu, awiriwiri, Ursula akumuphikira, kumuchapira, ndi kumupatsa moni waulemu m'mawa uliwonse ngati mlendo. M'nyumba imeneyo simunalirepo mwana.