Ankolo ndi Jekete la Apongozi

Jekete la Bambo litasowa, Achemwali sanachedwe kuloza chala.

"Ukufunafunanso chiyani, Mzime? Khoswe wakhala pa mkhate. Wakuba uli naye m'nyumba momwemo, umagona naye bedi limodzi."

Mzime anali atatembenuza kale matiresi, atakhuthula basiketi ya zochapa, atasuzumira ndi kuseri kwa mashini ake osokera. Jekete lakuda lija, limene bambo ake ankavala zaka zonse zimene ankayendetsa basi, kunalibe. Masiku apitawo chinasowa chipewa chawo, ndipo iye anadzinamiza kuti mwina chagwera penapake.

Amuna ake a Mzime anali a zisudzo. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso pokha. Mumsewu, mu minibasi, ngakhale kuchipatala, aliyense ankawatchula kuti Ankolo. Chiyambire ali mnyamata wokoka makatani m'maholo, sanapatsidwepo mbali ya munthu wabwino. Nsidze zawo zinali zochindikala, mawu awo a besi, ndiye opanga mafilimu akafuna malume olanda chuma cha amasiye, landilodi wotaya katundu wa anthu panja, kapena sing'anga wabodza, sankavutika n'kuganiza. Filimu isanathe Ankolo ankakhala atamangidwa kapena atafa, ndipo pa chikwangwani dzina lawo linkalembedwa pansi penipeni, m'timalemba tofunika magalasi. Tsiku lina kumsika mayi wina anawakwapula ndi ambulera chifukwa cha ana amasiye a m'filimu. Iwo anabwera kunyumba akuseka, n'kunena kuti mphoto yoposa imeneyo sadzailandiranso.

Achemwali, mkulu wake wa Mzime, sanasekepo nawo. Kuyambira pa chibwenzi pomwe ankanena mawu omwewo: "Munthu woti akauzidwa kuti lira amalira, akauzidwa kuti leka n'kuleka, ungamukhulupirire bwanji?"

Lero anawonjezera. "Taganiza bwino. Bambo ali bwinobwino, amuna akowa ankangowapatsa moni wa pakhomo. Chiwagwireni sitiroko, ndi omwewo owameta ndevu, owasambitsa, owadyetsa. Chikondi chimenechi chachokera kuti? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akufuna nyumba ino, iwe. Kulanda za amasiye akhala akuyeserera moyo wawo wonse."

Atatero anasiya malalanje pa tebulo, n'kusuzumira m'chipinda cha Bambo ali chiimire pakhomo, kunena kuti "Muchire, Bambo," n'kumapita. Maulendo awo onse ankatha motero.

Mzime anafuna kuwaiwala mawuwo, koma mawu oipa ali ngati chisoso, amakakamira. Masana ake anasiya diresi la kasitomala pa mashini, n'kunyang'ama kukaima pakhomo pa chipinda. Ankolo anali pa mpando, mbale ya phala ili pamwendo, koma sankawadyetsa Bambo. Sipuni anali atawagwiritsa ku dzanja lamanzere, lamoyo lija, iwo n'kumangoyang'anitsitsa mmene inkanjenjemerera, phala likudonthera pa thaulo. Sankaphethira n'komwe. Kenako Mzime anaona mlomo wa amuna ake ukukokekera pansi mbali imodzi, pang'onopang'ono, monga mmene unalili wa Bambo.

"Mukutani?" anafunsa.

Ankolo anadzidzimuka, mlomo n'kubwerera m'malo mwake. "Tikudya, mayi. Lero apongozi akudya okha."

"Jekete la Bambo mwaliona?"

Anachedwa kuyankha. Kuchedwako kunali kwakung'ono, koma mkazi amadziwa kapumidwe ka mwamuna wake. "Lipezeka," anatero, maso ali m'mbale.

Mawa lake Ankolo atanyamula chikwama n'kunena kuti akupita kokayeserera, Mzime anapempha mayi oyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi Bambo, iye n'kuwalondola chapatali. Anachita manyazi, mzimayi wamkulu kumabisala kuseri kwa mipanda, koma miyendo sinalole kubwerera. Ankolo analowa m'holo yakale yoonetseramo mafilimu. Mzime anadikira pang'ono, n'kukankha chitseko cha pambali.

M'katimo munali mdima ndi fungo la fumbi losakanikirana ndi la penti. Mipando yambiri inali yothyoka. Kutsogolo, pansi pa getsi limodzi, panakhala nkhalamba yovala jekete lakuda, chipewa chili pa bondo, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Mzime anatsala pang'ono kukuwa kuti wawanyamulira kuno Bambo ndani.

Mtsikana wina anagwada patsogolo pa nkhalambayo ndi mbale. Nkhalamba inakweza sipuni, sipuni inanjenjemera, n'kugunda chibwano m'malo mwa pakamwa. Kenako inatembenuza khosi movutika n'kuyankhula mokoka lilime: "Kondakitala wanga... tatsekula windo."

Kondakitala wanga. Dzina limenelo Bambo anamupatsa Mzime ali kamwana, pamene ankamukhazika pa mpando wa kutsogolo m'basi, iye n'kumafuula mayina a masiteji. Ngakhale Achemwali sankaloledwa kulitchula. Lero linali m'kamwa mwa wa zisudzo, likuitana mtsikana wachilendo wopaka milomo.

Dayirekita, mnyamata wa kapusi, anaomba m'manja. "Apa ndiye mwalasa, Ankolo! Anthu adzalira m'holo muno!"

"Vulani jekete limenelo!" anakuwa Mzime.

Onse anacheuka. Nkhalamba ija inawongoka, zaka makumi awiri n'kuyoyoka pa nkhope pake, ndipo panatsala amuna ake, kukamwa kuli yasa. Mzime anakwera pa siteji, anawavula yekha jeketelo, anatola ndi chipewa, n'kutuluka misozi ili chuchuchu. Chitseko anachimenyetsa mpaka fumbi linathothoka kudenga.

Pofika madzulo Achemwali anali atafika kale, atakhala pa sofa ngati woweruza. Ankolo anaima pakati pa balaza, chikwama chikadali m'manja.

"Jeketelo sindinabe," anatero. "Anandipatsa okha apongozi."

Achemwali anaseka chikhakhali. "Munthu wolephera kupempha madzi akupatseni jekete? Alamu, pano si pa siteji."

Chipinda cha Bambo chinali pomwepo, chitseko chili chotsekula pang'ono, koma palibe amene anaganiza zokawafunsa.

"Za jekete zisiyeni," anatero Mzime. "Ndiyankheni chimodzi. Tsiku loyamba limene munatenga lezala n'kukawameta Bambo, mbali imeneyi munali mutapatsidwa kale?"

Ankolo anaweramitsa mutu. "Eya."

"Ndiye kuti ine ndinkathokoza Mulungu kuti ndili ndi mwamuna wachifundo, pamene inu munali pa ntchito? Bambo anga akulimbana ndi sipuni, inu mukuloweza?"

"Ndi mmene ndimagwirira ntchito, mayi. Mayendedwe a landilodi uja ndinawatenga kwa wogulitsa nyama, chifuwa cha sing'anga uja kwa mlonda wa kuholo. Sindidziwa njira ina. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusewera anthu oti akafa holo yonse imaombera m'manja. Koyamba andipatsa munthu woti anthu amulire. Ndinayamba chifukwa cha sewero, sindikana. Koma m'kupita kwa masiku zinasintha. Ndikalowa muja ndimaiwala kuti..."

Misozi inatsika m'masaya mwawo, yeniyeni kapena ya ntchito, ndani akanadziwa? Mzime anali ataiona misozi yomweyo pa kanema, pamene malume oipa ankalirira pa bokosi la m'bale wawo makiyi a galimoto ali kale m'thumba.

"Waona?" anatero Achemwali. "Watsekula mpopi."

"Dzina langa munalitengeranji?" anafunsa Mzime. "Dzanja lawo mwatenga, mlomo wawo mwatenga, nanga dzina langa linakulakwirani chiyani?"

Ankolo anangoti, "Ndinalakwa."

"Tulukani. Sindikudziwanso kuti m'nyumba muno ndimakhala ndi ndani."

Ankolo analowa kuchipinda, anatenga malaya angapo, n'kuima pang'ono pakhomo pa apongozi awo. Kenako anatuluka, n'kutseka chitseko mofatsa, zimene zinamupweteka Mzime kuposa akanachimenyetsa.

"Wachita bwino," anatero Achemwali akudzuka.

"Mugone konkuno, Achemwali. Mawa Bambo afunika kusambitsidwa, ndekha sindingawanyamule."

Achemwali anagwira m'chiuno. Msana wawo, umene unali bwinobwino pa nthawi yonse ya mlandu, unayamba kuwawa pomwepo. Ananena kuti atumiza munthu, n'kuthamangira minibasi. Munthuyo sanafike.

Masiku otsatira anali owawa. Madiresi a makasitomala anaunjikana pa mashini. Ndevu za Bambo zinamera, zoyera, zobaya, ndipo Mzime akayandikira ndi lezala ankatembenuzira nkhope kukhoma. Phala ankangolawa kawiri n'kutseka pakamwa. Anayamba kuonda moonekeratu.

M'mawa wina Mzime anakhala pa mpando uja, akuwadyetsa Bambo, pamene dzanja lawo lamanzere linamugwira pamkono.

"Mkamwini... ali kuti?"

"Ndinawathamangitsa, Bambo. Ankakusandutsani choseweretsa. Ankakuyang'anitsitsani kuti akakutsanzireni pamaso pa anthu."

Mawu a Bambo ankatuluka limodzilimodzi, ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chakuya.

"Ndinkadziwa. Lafa ndi dzanja... mutu ayi. Jekete... ndinapereka ine."

"Munkadziwa? Nanga bwanji munalola?"

"Inu nonse... ndikamadya... mumayang'ana kuwindo."

Mzime anafuna kutsutsa, koma anazindikira kumene kunali maso ake pa nthawi yomweyo. Anali pa katani. Sipuni ankaipereka mongoyerekeza, monga ankachitira tsiku lililonse chiwagwireni matendawa, chifukwa sankapirira kuona munthu amene ankakhotetsa basi yodzaza ndi dzanja limodzi akulephera kumeza phala. Iye ankati ndi ulemu.

"Mkulu wako... amalankhula ndi chitseko. Iwe... ndi windo. Iye yekha... amandiyang'ana. Akalakwitsa... ndimamukonza." Mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira. "Mwezi wathunthu... sankatha kugwira sipuni."

Mzime anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake kumaso. Anaona mlomo wopotoka, dovu pachibwano, diso limodzi lolengeza misozi nthawi zonse. Anaonanso kuti m'maso mwawo munali munthu yemwe uja, wanthabwala, wamakani, amene wakhala akudikira miyezi yonseyi kuti mwana wake amuone. Anaika mbale pansi n'kulira mokweza, mutu uli pa bondo pawo, iwo akumusisita tsitsi ndi dzanja lonjenjemera.

"Pita... kamutenge. Ndevu... zikuyabwa."

Ankolo anakawapeza kuholo kuja, m'kachipinda ka kuseri kwa siteji, mosungira zovala ndi ndevu zomata. Pansi panali katoni yoyala ndi bulangete. Ankolo anali pa benchi, akusoka batani pa yunifomu ya wapolisi, ndipo ankasoka moipa.

"Dayirekita ndinamuuza kuti apeze wina," anatero asanafunsidwe. "Andibwezera pa wapolisi wa ziphuphu. Ndimafa gawo lachiwiri lisanathe."

Mzime anatsekula chikwama, anatulutsa jekete lakuda ndi chipewa, n'kuziika pa benchi.

"Bambo akuti musawachititse manyazi. Akuti anavutika nanu mwezi wathunthu, ndiye akufuna mpando wa kutsogolo tsiku loyamba. Mudzawanyamule nokha kukwera masitepe aja."

Ankolo anayang'ana jeketelo, n'kuyang'ana mkazi wawo. Maso awo anayamba kudzaza.

"Musalire," anatero Mzime. "Misozi yanu ine sinditha kuiwerenga, mwina sindidzathanso. Ndiziona manja anu. Seweroli likadzatha, zikwangwani zikadzachotsedwa, ndidzaona ngati lezala muzidzaigwirabe."

"Ndidzaigwira, mayi."

"Tidzaona. Koma dzina lija muchotsemo lero lomwe. Mtsikana uja mumupezere lake."

Ankolo anagwedeza mutu, n'kupukuta nkhope ndi mkono wa yunifomu. Mzime anawalanda singano ija, anamasula batani lopendekekalo, n'kulisokanso bwinobwino ali chiimire. Atamaliza analuma ulusi.

"Nyamulani bulangete lanu. Tidzere kusitolo, malezala atha."